ZA PAKHOMO PATHU: Madzi Saiwala Khwawa

Mwezi uno tifuna kucheza nanu za kachipinda kochepetsetsa mwa zipinda zonse za m'nyumba, komwe kakhoza kusunga nyumba yonse kapena kuigwetsa. Kachipindako ndi bafa.

Makolo athu ankamanga bafa kuseri kwa nyumba, la mpanda wa udzu kapena bango, naika mwala wathyathyathya pakati woimapo posamba. Madzi ankalowa m'nthaka, ena nayenderera ku nthochi zobzalidwa pafupi, ndipo dzuwa linkaumitsa otsala. Bafa lotere silinkavutitsa munthu, pakuti linali patali ndi makoma a nyumba yogonamo. Koma masiku ano mabanja ambiri, akapeza kangachepe pogulitsa fodya, soya kapena mtedza, ngakhale polandira thandizo kwa ana awo ogwira ntchito m'tauni ndi kunja, afuna kulowetsa bafa m'nyumba, kuti nkhalamba ndi odwala asamatuluke usiku kapena pa mvula. Maganizo amenewa ngabwino ndithu, ndipo ife tiwayamika. Chimene tifuna kuti mukumbukire ndi ichi: wolowetsa bafa m'nyumba walowetsa madzi m'nyumba, ndipo akuluakulu adati madzi saiwala khwawa. Mukapanda kuwalambulira njira adzadzifunira okha, ndipo njira imene adzasankhe ndiyo ya pansi pa khoma lanu.

Zimene tidaona ndi maso athu

Tsiku lina tidakacheza kwa mayi wina wamasiye, wokalamba ndithu, amene mwana wake wogwira ntchito ku Johannesburg adamtumizira ndalama zomangira bafa la m'nyumba. Mayiyo adatilowetsa mokondwa kuti tione matailosi oyera onyezimira ndi chimbale choimapo posamba. Koma tisanafike pakhomo pa bafalo, mphuno zidayamba kutiuza nkhani ina. Khoma la chipinda chogona, loyang'anizana msana ndi bafa, linali litada kuyambira pansi kufikira m'maondo, penti inali kusendeka, ndipo chiswe chinali chitalowa kale m'mphuthu za chitseko.

Tidafunsa kuti, "Pepani amayi, kodi mmisiri adatha masiku angati pa ntchitoyi?"

Iwo adayankha nati, "Asanu okha, bambo. Lolemba adathira simenti, Lachitatu nkuyala matailosi, Loweruka ife nkusambamo. Ndidamthokoza kuti ngwachangu pa ntchito. Koma tsopano ndiopa kulowamo, pakuti mwezi watha ndidaterereka pakhomo pomwepa, ndipo chiuno chindiwawabe. Mwana wanga sindinamuuze, chifukwa adavutika kupeza ndalamazo."

Tidapempha chikho cha madzi, nkuwathira pakati pa chipindacho. Madziwo sadapite ku dzenje lotulukira ayi. Adayenda pang'onopang'ono kulinga pakhomo, nakaima pangodya. Pamenepo tidazindikira kuti matailosi adalibe mlandu, simenti idalibe mlandu, koma ntchito yonse yobisika pansi idachitidwa mothamanga. Ndiyo ntchito imene tifuna kukufotokozerani tsopano, mwa dongosolo lake, kuti ngakhale simuli amisiri mudziwe choyang'ana ndi chofunsa.

Matailosi satchinga madzi

Anthu ambiri aganiza kuti akayala matailosi, madzi sangathe kulowa pansi. Kuganiza kotere ndiko gwero la mavuto onse. Nkhope ya tailosi simwa madzi kwenikweni, koma m'mipata ya pakati pa matailosi muli phala la simenti, ndipo simenti imamwa madzi pang'onopang'ono monga uchitira mtsuko watsopano. Madzi akalowa m'mipatamo ayenda pansi pa matailosi osaoneka, nafunafuna potsika ndi pong'aluka, makamaka pamene khoma likomana ndi pansi. Tsono nyumba zambiri za m'midzi mwathu nza njerwa zootcha zomangidwa ndi matope. Matope akanyowa tsiku ndi tsiku afewa, njerwa ziyamba kugwedera, chiswe chimva chinyezi nichibwera, ndipo khoma lidwala kuyambira kumapazi.

Nzeru yokonza pansi pa malo a madzi njakale kwambiri. Vitruvius, mmisiri wa ku Roma wa m'masiku a mfumu Augustus, adalemba kuti bwalo loyalidwa miyala pamtetete liyenera kutsetsereka zala ziwiri pa mapazi khumi ali onse, ndiko kunena kupitirira pang'ono sentimita imodzi pa mita. Anthu akalewo ankasinja mapale ndi zidutswa za njerwa, nazisakaniza ndi laimu, kuti apange pansi posalola madzi. Muyeso wawowo sunasinthe kwenikweni kufikira lero, popeza khalidwe la madzi silinasinthe.

Paipi iyambe, simenti itsatire

Musanagule tailosi ngakhale imodzi, yambani mwadziwa kumene madzi adzapita. Dzenje lotulukira madzi likhale pafupi ndi khoma lakunja ndi kutali ndi khomo, kuti paipi ikhale yaifupi. Paipi ya pulasitiki ya mamilimita 50 ndiyo yabwino kukwirira pansi pa simenti, chifukwa sitsekeka msanga ndi tsitsi, sopo ndi mchenga wa kumapazi. Iyenera kutsika masentimita 2 kufikira 4 pa mita iliyonse, ndipo ikhale yowongoka monga kungathekere, pakuti pokhota paliponse ndi pamene zinyalala zikonda kuima. Pamene itulukira kunja kwa khoma siyani potsegula, kuti tsiku lotsekeka mudzathe kulowetsa waya osaswa simenti.

Pansi penipeni pa dzenje lotulukira payenera kukhala kachigongono kosunga madzi. Kameneka ndi paipi yopindika kapena kambiya, m'mene mutsala madzi okwana ngati masentimita 5 nthawi zonse. Madzi otsalawo ndiwo chitseko choletsa fungo loipa ndi mphemvu kuti zisakwere kuchokera kunja. Amene adalembetsa nzeru imeneyi kwa boma ndi Alexander Cumming, munthu wa ku Scotland wokonza mawotchi mu mzinda wa London, m'chaka cha 1775. Kachigongonoko nkotsika mtengo, koma amisiri ena akasiya, ndipo nyumba yonse inunkha.

Kunja, madzi asangotayikira m'mbali mwa maziko. Kumbani dzenje lotalika ngati mita imodzi m'mimba mwake ndi mita imodzi kapena imodzi ndi theka kuya kwake, mulidzaze miyala ndi zidutswa za njerwa, nimulivundikire pamwamba kuti udzudzu usaswane. Dzenjelo likhale mamita 5 kuchokera pa nyumba, ndi mamita osachepera 30 kuchokera pa chitsime kapena mjigo. Madzi osamba musawalowetse m'chimbudzi chokumba, chifukwa chidzadzaza msanga ndipo makoma ake akhoza kugumuka.

Musanakwirire paipi, thiranimo ndowa ziwiri za madzi, wina ataima kunja kuona ngati atuluka mwa liwiro, wina akuyang'ana m'molumikiza monse ngati mukukha. Chimene mwakwirira ndi simenti simudzachionanso popanda nyundo.

Nthaka ndi konkiriti

Chotsani nthaka yonse yapamwamba, ya mizu ndi zinyalala, kufikira mutapeza yolimba. Kumene kuli dothi la katondo ntchito siivuta, koma inu okhala pa dothi la makande, lija lakuda lotupa pa dzinja ndi kung'aluka pa chilimwe, kumbani mozama koposa, nimubwezeremo miyala ndi gelevulo. Zobwezerazo muziike pang'onopang'ono, masentimita 10 kapena 15 nthawi imodzi, mukuwaza madzi ndi kusinja ndi chipika cholemera kufikira phazi lisamalembe. Amayi amene adazirapo nyumba adziwa bwino kuti pansi posatsenderedwa pang'aluka, ngakhale uzire mokongola motani.

Pamwamba pake yalani mchenga pang'ono, kenaka pepala lochindikala la pulasitiki lakuda, m'mphepete mwake mukwere pakhoma. Pepalalo liletsa chinyezi cha m'nthaka kukwera. Tsono thirani konkiriti yochindikala masentimita 8 kufikira 10, yosakaniza motere: muyeso umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga, inayi ya miyala yoswa. Yesani ndi ndowa imodzimodzi yomweyo, osati ndi fosholo, chifukwa fosholo ya mchenga wonyowa ndi fosholo ya simenti sizilingana. Bafa la mamita 2 m'litali ndi mita imodzi ndi theka m'lifupi lidya matumba ngati awiri a simenti a makilogalamu 50 pa konkiriti imeneyi. Nkwanzeru kuti pansi pa bafa pakhale potsikirapo masentimita 2 kapena 3 poyerekeza ndi zipinda zina, kuti madzi akasefukira asalowe m'nyumba.

Mchenga ukhale wa kumtsinje, wokhakhala ndi wopanda matope. Pofuna kuuyesa, ikani mchenga m'botolo kufikira masentimita 10, dzazani madzi, khutchumulani, nimulisiye maola atatu. Matope adzakhala pamwamba pa mchenga ngati mzere. Mzerewo ukayandikira sentimita imodzi, mchengawo muutsuke kapena mufune wina. Makoma a bafa nawonso amangidwe ndi simenti m'malo mwa matope, ndipo apakidwe pulasitala wolimba mkati monse.

Kutsetsereka kwa pansi

Apa ndipo pagona ntchito yonse. Pamwamba pa konkiriti pabwera simenti yosalaza, ya muyeso umodzi wa simenti pa itatu kapena inayi ya mchenga, ndipo m'simenti imeneyi ndimo mmisiri aumba kutsetsereka. Pa malo osambira penipeni, pansi payenera kutsika sentimita imodzi ndi theka kapena masentimita 2 pa mita iliyonse kulinga ku dzenje. M'chipinda chotsala sentimita imodzi ndi pang'ono ikwana. Ngati khoma lakutali lili pa mtunda wa mita imodzi ndi theka kuchokera pa dzenje, ndiye kuti m'mbali mwa khomalo mukhale mokwera masentimita 3 kuposa pakamwa pa dzenje. Kuchepetsa apa madzi aima. Kuchulukitsa kwambiri munthu aterereka.

Diso lokha silingathe kuyesa zimenezi, ngakhale la mmisiri wa imvi. Wopanda levulo atenge paipi yopyapyala yoonekera mkati, aidzaze madzi osasiya mpweya, pakuti madzi a kunsonga ziwiri za paipi aima pa msinkhu umodzi nthawi zonse. Ndi paipi imeneyi lembani mzere wolingana kuzungulira makoma onse anayi, ndipo kuchokera pa mzerewo yesani chotsika pangodya iliyonse ndi pa dzenje. Khomani misomali, kokani zingwe kuchokera m'ngodya kufika pa dzenje, ndipo simenti itsate zingwezo.

Musanathire, tsukani konkiriti, muinyowetse, nimupake phala la simenti ndi madzi kuti chatsopano chigwirane ndi chakale. Simenti yosalazayo isakhale yamadzimadzi. Mukaifumbata m'dzanja iumbike ngati mpira osadontha madzi. Yotero ndiyo isunga kutsetsereka kumene mwaipatsa. Pamene yapyapyala koposa, pafupi ndi dzenje, isachepere masentimita 2 ndi theka kapena 3. Pa bafa la muyeso tatchula uja thumba limodzi likhoza kukwana, koma kukhala ndi lachiwiri pafupi nkwabwino. Ngati mudzayala matailosi, musaisalaze ndi chitsulo kufikira kunyezimira. Thabwa lokha likwana, kuti guluu adzapeze pogwira. Mukaika thabwa lowongoka la mamita 2 motsata kutsetsereka, mpata wa pansi pake usapose mamilimita 3. Ndipo ogwira ntchitoyi avale jombo ndi zotchinga m'manja, chifukwa simenti yaiwisi imatentha khungu.

Kudikira ndi ntchitonso

Simenti imene tigula m'matumba, yotchedwa Portland, adailembetsa ndi Joseph Aspdin, womanga nyumba wa ku Leeds, m'chaka cha 1824. Chinsinsi chake nchakuti simenti silimba chifukwa cha kuuma, monga lichitira dothi. Ilimba chifukwa cha kumwa madzi, amene asandulika mbali ya mwala womwewo. Mukaisiya iume msanga, ntchito ya kulimba iima panjira, ndipo pamwamba payamba kufumbutuka. Chifukwa chake konkiriti ndi simenti yosalaza muzizithirira masiku 7, mutazifunditsa masaka onyowa kapena pulasitiki. Mphamvu yake yoyenera ifika pa masiku 28.

Itatha kumwa, simenti iyenera kuuma, ndipo pouma ifota pang'ono. Matailosi omatidwa pa simenti imene ikufotabe apanikizana, ena nang'aluka, ena natukuka pakati. Malangizo a amisiri a ku Britain anena kuti konkiriti yatsopano idikire masabata 6, ndi simenti yosalaza masabata 3, matailosi asanayalidwe. Pofuna kudziwa ngati pauma, matani kapepala ka pulasitiki pansi, mutseke m'mphepete monse, nimukasiye usiku wonse. Mukapeza thukuta pansi pake m'mawa, dikiranibe. Nyengo yabwino ya ntchito imeneyi ndi kuyambira Meyi kufikira Ogasiti, mvula itatha ndi kutentha kwa Okutobala kusanafike. Kuona maso a nkhono nkudekha. Mmisiri wa mayi wamasiye uja adachita m'masiku awiri chimene chifuna miyezi iwiri.

Kukhazika chimbale cha shawa

Ena a inu mudzagula chimbale choimapo posamba, chimene m'masitolo achitcha thireyi ya shawa. Zambiri nza masentimita 80 kapena 90 mbali zonse. Zina nza pulasitiki, zina nza chitsulo chokutidwa, zina nza miyala yopera yosakaniza ndi utomoni, ndipo zomalizazi nzolemera ndi zolimba. Pano pali kusiyana kumene kusokoneza ambiri. Chimbale chidaumbidwa kale ndi kutsetsereka kwake mkati. Tsono icho chikhale cholingana ndithu, osapendeka konse. Wochipendeketsa dala kuti athandize madzi aononga muyeso wa wochipanga, ndipo madzi adzaima pangodya ina. Chotero malo okhala chimbale muwasiye olingana pothira simenti yosalaza, kutsetsereka kukhale m'chipinda chotsala chokha.

Yambani mwachiika pamalo pake chouma, muone ngati dzenje lake likomana bwino ndi kachigongono ndi paipi, nimulembe m'mphepete mwake ndi pensulo. Sankhani kachigongono kotheka kutsuka kuchokera pamwamba, pakuti chimbale chikakhala simudzafikanso pansi pake. Ngati paipi singathe kukwiririka, ena amanga kaguwa ka njerwa kokweza chimbale. Zitheka, koma kumbukirani kuti chokwera chilichonse ndi msampha kwa agogo ndi kwa mayi woyembekezera.

Tsono chotsani chimbalecho, muyale dothi la simenti la muyeso umodzi pa isanu ya mchenga, lochindikala sentimita imodzi kapena imodzi ndi theka, lodzaza malo onse osasiya mphako. Chimbale chokhala pa milu inayi ya m'ngodya chipindika munthu akaimapo, ndipo tsiku lina ching'aluka pakati. Anthu awiri achitsitse pang'onopang'ono, nachitsendere ndi manja. Ikani levulo pa milomo yake yonse inayi ndiponso mopingasa, mukonze kufikira kathovu kaime pakati paliponse. Ngati wochipanga adaikamo pepala la malangizo, litsateni, popeza zimbale zina zikhala pa miyendo yakeyake. Pomanga chotsekera cha dzenje musalimbitse mopitirira, mungaswe mlomo wake. Chisiyeni maola 24 popanda wopondapo, kenaka thiranimo ndowa zingapo muone ngati madzi onse atha ndi ngati palibe pokha. Mukakhutira, tsekani mpata wa pakati pa chimbale ndi khoma ndi silikoni, nimuchivundikire ndi katoni kuti ntchito yotsala isachikande.

Chimbale chikhale choyamba, matailosi a pakhoma abwere pambuyo natsikire pamwamba pa mlomo wake, monga denga litsikira kunja kwa khoma. Mukasinthanitsa dongosolo limeneli, madzi otsika pakhoma adzapita kuseri kwa chimbale.

Chovala chamkati chotchinga madzi

M'masitolo a zipangizo zomangira mupezeka mankhwala opaka ngati penti, amene akauma asanduka khungu losalola madzi. Funsani amene apangidwira kukhala pansi pa matailosi, chifukwa tala wakuda wamba sagwirana bwino ndi guluu. Pansi pakhale pouma ndi posesedwa. Yambani ndi m'ngodya, pamene khoma likomana ndi pansi, ndi kuzungulira dzenje ndi mapaipi. M'menemo pakani, nimumatemo kansalu kake kolimbitsa, nimupakenso. Kenaka pakani pansi ponse kawiri, ulendo wachiwiri mopingasa ndi woyamba, woyambawo utauma. Pakhoma mukweze masentimita 15 kuzungulira chipinda, koma pa malo osambira mukweze kufikira mita imodzi ndi masentimita 80. Inu osamba ndi ndowa musati izi nza eni shawa okha; madzi a m'chikho amenya khoma ndi pansi chimodzimodzi.

Zitauma, yesani. Tsekani dzenje, ikani njerwa ndi dothi pakhomo, dzazani madzi masentimita 3 kapena 5, lembani msinkhu wake pakhoma, nimuwasiye maola 24. M'mawa mwake onani ngati atsika, ndipo pitani kuseri kwa makoma onse mukaone ngati kuli chinyezi. Potsegula dzenje imani muyang'ane mmene madzi achokera. Pamene patsala thamanda ndi pamene padzatsala thamanda matailosi atayalidwa. Kukonza lero kufuna ndowa imodzi ya simenti. Kukonza chaka chamawa kufuna kuswa chipinda chonse.

Matailosi potsiriza

Pansi pa bafa musagule matailosi onyezimira ngati galasi, ngakhale akongole motani. Amenewo nga pakhoma. Pemphani wogulitsa akuthirireni madzi pa tailosi, mupakepo sopo pang'ono, nimuyendetse chala. Yokhakhala ndiyo ya pansi. Ang'onoang'ono atsata kutsetsereka bwino koposa aakulu, ndipo mipata yawo yambiri ithandiza phazi kugwira. A masentimita 30 mbali zonse alowa 11 pa malo a mita imodzi m'litali ndi m'lifupi; bafa lathu lija lifuna 33 kapena 34, ndipo onjezani anayi a zodula ndi zosweka.

Guluu wa matailosi ayalidwe ndi mpeni womangira wa mano, kuti tailosi igone pa guluu thupi lonse. Amisiri ena, pofuna kusunga guluu, aika timilu tisanu kumsana kwa tailosi. Pansi pake patsala mphako zosunga madzi, ndipo tailosi isweka mwendo wa mpando ukaigunda. M'mawa mwake gogodani iliyonse ndi ndodo: yomveka ngati ng'oma izulidwe. Siyani mipata ya mamilimita 3, ndipo papite maola 24 musanaitseke ndi phala lake. Koma m'ngodya, ndi pamene matailosi akomana ndi chimbale, musaikemo phala la simenti; ikanimo silikoni, imene itanuka nyumba ikamagwedezeka pang'ono ndi kutentha ndi kuzizira. Nayonso ifuna tsiku lathunthu isanakhudze madzi.

Ndalama zikachepa

Tidziwa kuti si onse angathe kugula zonsezi nthawi imodzi. Langizo lathu ndi ili: ndalama zikachepa, siyani matailosi, musasiye za pansi. Bafa la simenti yokha, lotsetsereka bwino, lothiriridwa masiku ake, lokhala ndi kachigongono ndi dzenje la miyala kunja, lidzakutumikirani zaka zambiri. Mungolipitsa tsache pamwamba simenti isanaume kuti lisaterere, ndipo matailosi mudzayala chaka chimene zokolola zidzachita bwino. Koma matailosi okwera mtengo pa pansi pothamangitsidwa ali ngati nsalu yatsopano pa chilonda.

Ndipo inu eni nyumba musachite manyazi kufunsa, pakuti safunsa adadya phula. Mmisiri asanayambe, khalani naye pansi mwaulemu, munene kuti, "Bambo, tiuzeni: madzi adzatuluka pati? Pansi padzatsika masentimita angati? Tidzadikira masabata angati? Kodi tidzayesa ndi madzi matailosi asanabwere?" Mmisiri wodziwa ntchito akondwa ndi mafunso otere, nayankha mosavuta. Panganani naye kuti malipiro adzaperekedwa m'magawo, gawo lomaliza madzi atayesedwa, ndipo musamkakamize kuti amalize msanga chifukwa alendo a ukwati ali pafupi. Nthawi zambiri wothamangitsa ntchito ndi mwini nyumba yemwe. Inunso ana amene mutumiza ndalama muli kutali, musangopempha chithunzi cha matailosi onyezimira pa foni. Pemphani chithunzi cha paipi isanakwiriridwe ndi cha madzi oima pansi tsiku loyesa.

Za mayi wamasiye uja, tidamlimbitsa mtima kuti auze mwana wake zoona, pakuti khoma silidikira manyazi a munthu. Matailosi adazulidwa, ambiri nasweka pozula, simenti idaumbidwanso ndi zingwe, ndipo iye adasamba m'bafa lake lakale la udzu kufikira masabata onse atakwana. Titapitanso kumeneko adatenga yekha chikho cha madzi, nathira pakati pa chipinda, madzi nkuyenda molunjika ku dzenje osatsalako ndi dontho. Matailosi atsopano sanagule. Ati adzaona akagulitsa mtedza.

Mwezi wamawa tidzacheza za kukumba ndi kusamala dzenje la miyala lolandira madzi osamba, makamaka kwa inu a ku dothi la makande kumene madzi salowa msanga.